Pabalaza pakhala bata, koma ndavutika nayo power supply imeneyi

Dzulo usiku ndaonera filimu yonse osamva kalikonse kuchokera pansi pa TV. Mtima wakhala pansi, ndiye ndati ndilembe zimene ndadutsamo ndisanaiwale.

Kompyuta yoonerapo mafilimu ndinaimanga ndekha m'kabokosi kakang'ono kokhala pashelefu. Power supply (kachipangizo kogawa magetsi ku ziwalo za kompyuta) imene inabwera ndi bokosilo inali ndi kafani ka mamilimita 80 kozungulira osapuma. Masana sikamveka. Koma usiku ana akagona, mawu a TV nditatsitsa, anthu mufilimu akamanong'onezana ndinkangomva "vuuu". Mayi akunyumba anafika ponena kuti bola kuonera pafoni.

Musanagule chilichonse, tengani tepi muyeze malo a power supply m'bokosi mwanu. Ine sindinayeze. Ndinapita pasitolo ina m'tauni, mnyamata wogulitsa n'kundionetsa ya mawati 650. "Achimwene, iyi fani yake ndi yaikulu, simudzaimva." Pa fanipo sananame, chifukwa ya mamilimita 120 imakankha mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono. Koma inali ya saizi yaikulu yotchedwa ATX, mamilimita 150 m'lifupi ndi 86 msinkhu, pomwe bokosi langa limalandira ya saizi yaing'ono yotchedwa SFX, ya 125 ndi 63.5. Sinalowe. Nditaibweza anakana, akuti katoni ndatsegula kale. Mpaka lero ili pamwamba pa kabati.

Za mawati 650 zija zinalinso zosafunika. Ndinabwereka kamita koyezera magetsi, ndinapeza kuti kompyuta yanga ikamaonetsa filimu sifika ndi mawati 50 omwe, poti ilibe graphics card yapadera (chipangizo chotulutsa zithunzi, chodya magetsi ambiri). Chofunika ndi power supply yosatentha msanga. Yang'anani chizindikiro cha 80 Plus, chosonyeza mmene power supply imasamalira magetsi, chokhala ndi magiredi monga Bronze ndi Gold. Ya Gold imataya magetsi ochepa ngati kutentha kusiyana ndi ya Bronze, choncho fani sivutika. Kenako funsani ngati fani yake imaima yokha ntchito ikachepa. Ena amalemba zero RPM, ena semi-passive. Ziliponso zopanda fani n'komwe, monga zina za kampani ya Seasonic, komanso kachipangizo kotchedwa picoPSU kolumikiza ku adaputala yonga ya laputopu. Ine ndinaziopa poganizira kutentha kwa mu Okutobala, bokosi lili m'shelefu mosapita mphepo.

Ndinasankha ya SFX yotchedwa Corsair SF450, msuweni wanga wa ku Johannesburg n'kundigulira, n'kuitumiza pabasi. Apa ndi pamene ndinapsa mtima.

A kampani ya basi anandiimbira kuti katundu wafika. Ndinapempha chilolezo kuntchito, 8 koloko ndili kale pa ofesi yawo. Akuti wosunga makiyi a chipinda cha katundu watuluka, abwera pompano. Ndinakhala pabenchi pakati pa zikwama ndi makatoni omangidwa ndi tepi, dzuwa likuswa mtengo. 11 koloko, palibe. Atafika anati dzina langa mulibe m'kaundula, pomwe kakatoni kanga ndikukaona pakona, dzina lolembedwa ndi cholembera chakuda chachikulu. Ndinawalozera. "Bambo, dikirani kaye abwana asaine." Abwanawo anali kunkhomaliro. Cha m'ma 3 koloko anandiuza kuti ndilipire ndalama yosungira katundu masiku awiri, chonsecho anandiimbira dzulo lake madzulo ofesi atatseka kale. Ndinakana, tinakangana, pomaliza ndinalipira chifukwa ndinali nditatopa. Lisiti ndinachita kuumirira. Tsiku lathunthu kupita chifukwa cha kakatoni kokwana m'dzanja limodzi!

Ndatsala pang'ono kuiwala za chingwe. Chobwera kuchokera ku Joni chimakhala ndi pulagi ya mapini ozungulira, yosalowa m'masoketi athu a mabowo a makona anayi. Musagule adaputala yogwedera, ingotengani chingwe cha kompyuta yakale chokhala ndi pulagi yathu, kumbuyoko zimafanana. Koma zingwe zam'kati, zopita ku motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta) ndi ku hard drive (mosungira mafilimu), musasakanize ndi za power supply ina ngakhale zikulowa bwinobwino. Mawaya ake amayalidwa mosiyana, mutha kuotcha hard drive ndi mafilimu anu onse.

Ndipo yezani bokosi, ndikubwerezanso. Ngakhale pa SFX pali ina yotchedwa SFX-L, yotalikirapo ndi mamilimita 30, imene m'mabokosi ena imakanikiza zingwe.

China chimene ndinamva nditaiika ndi kaphokoso kosongoka ngati udzudzu, kobwera magetsi akazima kompyuta n'kuyamba kudya a UPS, batire losungira magetsi. Si fani ayi. UPS zotchipa zimatulutsa magetsi osasalala, ndipo ma power supply amakono ena sagwirizana nawo. Yofunika ndi yolembedwa pure sine wave, ndiye ndikusonkhanitsa ndalama yake. Pakadali pano magetsi akakhalapo ndimachita kugunditsa khutu pabokosi kuti ndidziwe ngati yayaka, fani ili chiimire.