53 kuchotsa 17, apa mpomwe code yandimvekera

Aphunzitsi anzanga amene mukulimbana ndi Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta, usiku ngati ine, za if ndi else sindibwerezanso, mukuzidziwa kale. Ndikufuna ndingokamba chinthu chimodzi chimene chandimasula mutu sabata ino, eee abale mpaka mtima wakhala pansi.

Kapulogalamu kanga ka masamu a ana a pulayimale kanali koti mwana akalemba yankho kamangoti "wakhoza" kapena "yesanso", basi. Mapulogalamu ambiri oyeserera amene timaphunzirira amathera pomwepo. Koma tengani 53 kuchotsa 17. Yankho ndi 36. Aliyense amene anachongapo mulu wa makope akudziwa kuti ana salakwa mwachisawawa ayi. Wina alemba 44, chifukwa atafika pa 3 ndi 7 wangochotsa yaing'ono ku yaikulu. Wina alemba 46, uyuyu wabwereka bwinobwino, 13 kuchotsa 7 wapeza 6, kungoti waiwala kuti 5 uja watsala 4. Woyambayo kubwereka sakukudziwa nkomwe, wachiwiriyo wangotsala pang'ono, ndiye muwauze onse kuti "yesanso" zoona?

Chimene chinanditulukira ndi chakuti njira yolakwikayo nayonso ndi njira, ili ndi masitepe ake, ndiye ukhoza kuyilembera function yakeyake, kachigawo ka code kogwira ntchito imodzi. Function imodzi yowerengera molondola, ina yowerengera ngati mwana wosabwereka, ina ngati woiwala uja. Mwana akangolemba yankho pulogalamu ifananize ndi zitatuzo, idziwe kuti wasochera pati, imupatse thandizo logwirizana ndi vuto lakelo. Ndi zomwe timachita tikawerama pa desiki ya mwana, kungoti sitinazilembepo mwa masitepe.

Ndiye pali kena kamene kanandisangalatsa zedi. Mukapereka 52 kuchotsa 17, ana onse awiri aja alemba 45, yesani nokha muone. Funso limenelo silingakuuzeni kuti walakwa bwanji ndani. Kutanthauza kuti ngakhale mafunso sungangosiya kompyuta izitola manambala mwachisawawa, uyenera kusefa, ndipo apa mphunzitsi amamuposa kutali munthu wongodziwa code. Kenako powerenga ndinapeza kuti nkhaniyi si yatsopano, a John Seely Brown ndi a Richard Burton ku America analemba za zolakwa za ana pa kuchotsera mu 1978, ankazitcha ma bug, ngati zolakwika za mu code. Ine ndisanabadwe nkomwe!

Zonsezi ndazimvetsa ndi pepala ndi bolopeni, osati pa laputopu. Ndimalemba code pa pepala nkuyiyendetsa ndekha mzere ndi mzere, kulemba pambali kuti variable iyi, dzina losungira nambala mu code, pano ili ndi chiyani. Ine ndiye ndikuti amene sakuchita zimenezi akungotaya bundle, njira ina palibe, ndipo magetsi akathima iwe ukupitirizabe pa tochi ya foni.

Koma ophunzitsa pa mavidiyo aja amandikwiyitsa bwanji. Amathamanga, amati "izi nzophweka" pomwe iwe wapoza kale kambirimbiri, zitsanzo zawo ndi za shopu ndi banki zokhazokha, palibe amafunsa kuti mwamva. Ife tikanaphunzitsa choncho pa teaching practice akanatilepheretsa tsiku lomwelo. Nanga nthawi? Kuweruka, kuchonga, masikimu, lesson plan ya mawa, ukamatsegula laputopu maso ali psuu, mawa lake ma error omwewo akukudikira.

Ntchito yopanga mapulogalamu ophunzitsa ana ilipo ndithu. Bungwe la onebillion linapanga pulogalamu yophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, ndipo mu 2019 linapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE limodzi ndi opanga pulogalamu ina yotchedwa Kitkit School atayesa mapulogalamuwo ndi ana a ku Tanzania. Kuno ku Malawi ndondomeko ya boma ya BEFIT inayamba mu 2023 kubweretsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Zinthu zimenezi zimafunika anthu odziwa mmene mwana amaganizira.

Kaya olemba ntchito angayang'ane setifiketi ya ku TTC ndi kapulogalamu ka pa GitHub, malo a pa intaneti oikapo code, kapena azifunabe digiri ya kompyuta, apo ndiye mutu sukundipatsa yankho. Ndiponso choko ndingachisiyedi? Masiku ena ndimati inde, ena ayi. Panopa ndakakamira pa 300 kuchotsa 128, kubwereka kodutsa pa ziro, njira zolakwira zake zachuluka moti ma function anga atatu aja akuchepa, mwina kapangidwe konseka kakufunika kusintha, kaya.