Zikomo nonse, mwana wathu wabwerera kunyumba

Mwana wathu watuluka m'chipatala. Mwendo uli m'pulasitala, koma akudya bwino ndipo wayambanso kuseka. Ambuye alemekezeke.

Abale akumudzi mwakhala mukufunsa chomwe chinachitika. Anali ndi anzake awiri m'mapiri a Cairngorms kuno ku Scotland pamene sinowo anagumuka n'kumukokolola, monga achitira Napolo m'mbali mwa phiri la Mulanje. Mphepo imasesa sinowo mbali imodzi ya phiri n'kukamuunjika kuseri, komwe amalimba pamwamba pomwe wapansi sanagwirane. Pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, phazi la munthu mmodzi limakwanira kuti zonse zisweke n'kutsetsereka.

Ana anga awiri inu amene munali naye, ndilibe mawu. Munadutsa pamalopo mmodzimmodzi monga anakuphunzitsirani, n'chifukwa chake anakokoloka yekha, inu n'kutsala kuti mum'pulumutse. Munam'peza ndi transceiver (kachipangizo kolozera pamene munthu wakwiririka m'sinowo), munalasalasa ndi ndodo yofufuzira, munakumba ndi mafosholo manja atachita dzanzi. Munthu wokwiririka akapitirira mphindi 15 mwayi wake umatsika msanga, ndipo thandizo lochokera kutali silingafike pa nthawi imeneyo. Kuyambira lero ndinu ana a m'nyumba muno.

Ndithokozenso a Scottish Avalanche Information Service, anthu amene sindinawaonepo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo amakwera mapiri tsiku lililonse m'madera 6, kuphatikizapo Glencoe, Lochaber ndi Torridon. Amakumba dzenje m'sinowo, kuona mmene wasanjikizirana, kenako n'kulengeza kukula kwa ngozi pa mlingo wa 1 mpaka 5 ndi mbali za phiri zofunika kuzipewa. Anawa anawerenga zimenezi m'mawa, n'chifukwa chake anasiya chigwa chachikulu chomwe ankafuna n'kudzera pamalo aang'ono. Akanakhala m'chigwamo, bwenzi tikunena zina.

Kwa opulumutsa anthu m'mapiri, amene munam'nyamula pamachira usiku mphepo ikuwomba: ntchito yonseyi mumagwira mongodzipereka, osalandira malipiro. Zimenezi zikundikhudzabe mtima.

Anamwino ndi madokotala, a mpingo, Amalawi anzathu amene munkabwera ndi nsima ndi ndiwo kuchipatala, ndi inu akumudzi amene munachezera kupemphera, Mulungu akubwezereni.

Ambiri mwafunsa za thandizo la ndalama. Ife takwanira, chimene munakonza mupereke ku gulu la opulumutsa anthu m'mapiri la kufupi ndi kwanu. Odzazonda mubwere kuyambira Loweruka masana, m'mawa amakhala akugona.