Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Makina opukusa ndi dzanja

Gawo lapita lija ndinalekezera pamene amayi analola, monyinyirika, kuti bambo aja a ku MACOHA, bungwe lomwe linkathandiza anthu aulumali, alowe m'nyumba mwathu. Ndinali ndi zaka 17. Chindigwirireni poliyo, dziko langa linali chipinda, khonde, ndi phiri la Bangwe lomwe ndinkangoliona pazenera.

Bambowo sanali dokotala. Anali munthu wa m'dera mwathu momwemo, wongodzipereka, amene anaphunzitsidwa kuyendera anthu aulumali m'makomo. Ulendo wachiwiri anabwera atasenza mitengo ya bulugama. Iwo ndi achimwene anaizika kuseri kwa nyumba, mizere iwiri, ngati akuyamba khola la mbuzi. "Mwana wanga, uzigwira uku ndi uku, uziyenda kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo." Zitsulo za m'miyendo tinakatenga ku chipatala cha anthu aulumali cha Kachere, kufupi ndi ku Queens. Mu Okutobala zinkaotcha ngati mbaula, koma zinandiimiritsa.

Nditayamba kufika pamsewu ndi ndodo, bambo aja anafunsa pamaso pa amayi: "Nanga inu mukadzatsogola, ameneyu azidzadya chiyani?" Amayi anadzuka n'kukalowa kukhitchini osayankha. Usiku ndinawamva akulira.

Bambo aja ankaganiza zondipezera malo ku fakitale yoluka ya MACOHA ku Bangwe konkuno, komwe anthu aulumali amaluka nsalu ndi makapeti. Ine mtima unali pa utelala. Telala wina wa pafupi ndi msika wa Limbe anavomera kundiphunzitsa, ndipo tsiku loyamba anandikhazika pa makina ake. Anali opalasa ndi mapazi. Tonse tinangoyang'ana chopondera chija, kenako iye anaseka mwamanyazi, nanenso ndinaseka, koma m'minibasi pobwerera misozi inali mbwembwembwe. Mpaka lero ndikamva kuti kwinakwake agawa makina kwa anthu aulumali, ndimayamba ndafunsa kuti ndi a mapazi kapena a dzanja.

Anandipulumutsa ndi azakhali a ku Ndirande. Anali ndi Singer yakalekale yopukusa ndi dzanja, yomwe inkangokhala pansi pa bedi. Kusoka nayo n'kovuta: dzanja lamanja likupukusa, lamanzere lokha ndi limene likuwongolera nsalu. Miyezi itatu mizere yanga inkayenda ngati njoka. Phewa linkawawa mpaka kukhosi. Koma manja amene akhala akunyamula thupi pa ndodo satopa msanga, ndipo pofika chaka ndinkasoka siketi ya sukulu m'mawa umodzi.

Vuto linatsala mpamba. Nthawi imeneyo lamulo la anthu aulumali la 2012 linali lisanabwere, ngakhale likanakhalapo sindikhulupirira kuti likanafika pamphasa pomwe amayi a banki m'khonde ankakhala Lachinayi lililonse. Masheya anga ankalandira bwinobwino. Nditapempha ngongole ya K15,000 yogulira nsalu ya yunifomu, panagwa bata. Mayi wina ananong'oneza mnzake, koma ndinamva: "Akalephera kubweza, timulanda chiyani, ndodozo?"

Amayi anga, omwe aja ankandibisa m'nyumba, anaimirira n'kumanga chitenje. "Ngati mukukayika, lembani mbuzi yanga."

Analemba mbuziyo. Lolemba lake ndinakwera minibasi ya ku Limbe ndekha koyamba, ndalama nditazimanga pansonga ya chitenje. Zomwe kondakitala anandichita pa ndodo zanga tidzakambirana mu gawo 7.