Mchenga wa m'dimba lathu ndi mapiri ophulika a ku California

Madzi a namondwe wa Freddy ataphwera mu 2023, ine ndi amalume tinakumba chitsime chatsopano m'dimba lathu kufupi ndi mtsinje wa Mwanza kuno ku Chikwawa, chifukwa chakale chinali chitakwiririka. Dzenje litafika m'chiuno, amalume analoza khoma lake n'kunena kuti, "Mphwanga, taona, madzi osefukira aliwonse anasiya mzere wake." Mzere uliwonse unkayamba ndi timiyala ndi mchenga wokhakhala pansi, n'kutsirizira ndi matope osalala pamwamba, pakuti madzi akamatha mphamvu amayamba kutula zolemera, zopepuka zimatsatira pambuyo.

Khoma limenelo ndi limene linandithandiza kumvetsa miyala ya ku Great Valley, chigwa chachikulu cha ku California m'dziko la America, imene ndakhala ndikuiwerenga mwachidwi. Zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo, thanthwe la pansi pa nyanja linkalowa pang'onopang'ono kunsi kwa mtunda wa North America, ndipo zimenezi zinkasungunula miyala pansi pa nthaka mpaka kudzutsa mndandanda wa mapiri ophulika pamene lero pali mapiri a Sierra Nevada. Pakati pa mapiriwo ndi phompho la m'nyanja, pamene thanthwelo linkamirira, panali chigwa chachitali chomizidwa m'madzi, chimene akatswiri amachitcha forearc basin. Phulusa, zibenthu za chiphalaphala chouma ndi mchenga zinkakokoloka kuchokera kumapiriko, n'kumagumukira pansi pa nyanja ngati matope oyenda. Kugumuka kulikonse kunkasiya mzere wofanana ndi wa m'chitsime chathu, ndipo mizereyo inasanjikizana kwa zaka mamiliyoni ambiri mpaka kukhuthala kupitirira makilomita 10 m'malo ena.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti mapiri ophulikawo kulibenso. Mvula ndi mitsinje zinawaperesa mpaka kutsala mizu yake ya mwala wa granite, umene alendo amakaona ku paki ya Yosemite. Umboni wa mapiriwo unatsala mu mchenga basi. Katswiri wa miyala William Dickinson ndi anzake ankadula miyalayo mopyapyala n'kumawerenga timchenga timodzitimodzi pa maikulosikopu, ndipo anaona kuti mizere yakale ya pansi ili ndi tizibenthu tambiri ta chiphalaphala, pamene ya pamwamba imachulukira timchenga ta granite. Phirilo linasendedwa kuyambira pamwamba, choncho nsonga yake inagona pansi pa chigwa, ndipo mizu yake inadzagona pamwamba.

Chigwa chathu cha Shire n'chosiyana ndi chimenecho, ndipo sindifuna kuti wina asokoneze. Kuno palibe thanthwe la m'nyanja lolowa pansi pa linzake. Nthaka ikung'ambika ndi kutitimira, n'chifukwa chake potsika kuchokera ku Blantyre timakumana ndi chitsetse cha Thyolo. Komabe chiphalaphala chinayendapo kuno zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, ndipo miyala yakuda imene chinasiya cha ku Ngabu ndi imene m'kati mwake mumapezeka timiyala tokongola ta agate.

Tsiku limenelo, tisanamange khoma la chitsime, ndinatapa mchenga wa m'mizere itatu n'kuuika m'mabotolo osiyana. Wa mzere wa pansi kwambiri ndi wofiirira kuposa winawo, ndipo amalume akukhulupirira kuti unabwera ndi kakhwawa ka kumadzulo, osati ndi Mwanza. Tagwirizana kuti chilimwe chino tiyende m'kakhwawako mokwera, botolo lili m'manja, mpaka tikapeze mwala umene mchengawo unachokako.