Thadzi likakhalira mazira kuno ku Mzuzu

Nkhuku ikafuna kufungatira imadziwika. Imakakamira m'chisa usana ndi usiku, imatukumula nthenga, ndipo mukayandikiza dzanja imakujomphani. Musathamangire kuiikira mazira abwino. Isiyeni masiku awiri kapena atatu pa mazira awiri otha ntchito, chifukwa misoti yambiri imayamba ndi changu kenaka n'kuthawa chisa pakati pa ulendo. Nkhuku zachikuda ndizo akatswiri pa ntchitoyi. Za Mikolongwe zimaikira bwino koma zambiri sizipirira pa mazira, n'chifukwa chake alimi ochenjera amatenga mazira ake n'kuikira thadzi lachikuda.

Anapiye ambiri amatayika nkhuku isanakhale n'komwe, pa kasankhidwe ka mazira. Tengani oikiridwa m'sabata imodzi yapitayo, asapitirire masiku 10. Akhale a chigoba chosalala, opanda mng'alu, osakula kwambiri kapena kuchepetsetsa. Musawatsuke, madzi amachotsa kachikuto kosaoneka kamene kamatchinga tizilombo. Podikira, asungeni pamalo pozizirira bwino, kosongoka kuli pansi. Tambala mmodzi amakwanitsa mathadzi 8 mpaka 10. Akachuluka kuposa pamenepo, ena mwa mazira amakhala opanda mbewu.

Nanga angati? Thadzi lachikuda la thupi wamba limakuta bwino mazira 8 mpaka 10. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa, 8 ndi okwanira. Dyera loika 15 limapweteketsa: nkhuku imatembenuza mazira tsiku lililonse, ndiye lililonse limakhala ndi nthawi yake yogona kunja kwa mapiko, mapeto ake pafupifupi onse amasukusa. Aikeni onse tsiku limodzi, madzulo, ndipo lililonse mulichonge ndi pensulo. Chizindikirocho n'chofunika chifukwa nkhuku zinzake zimakonda kudzaikira m'chisa chomwecho. Dzira lolowa mochedwa limatsalira m'mbuyo, ndipo anapiye oyamba akatuluka mayi amadzuka n'kulisiya mwana ali wamoyo m'kati. Imeneyi ndi imfa yomvetsa chisoni, komanso yosavuta kuipewa.

Chisa chikhale pouma, pa kamdima, pamene makoswe ndi agalu safika. Kwa amene mukukhala m'malo otsika ngati mbali zina za Chibavi, kumene chinyontho chimakwera m'dothi nthawi ya mvula, kwezani dengu kapena katoni pa njerwa. Pansi thirani phulusa losefa, pamwamba udzu wouma. Phulusalo limachepetsa utitiri, umene umayamwa nkhuku magazi mpaka lipombo kuyezuka, nkhuku n'kuthawa mazira. Madzi ndi chakudya zikhale pafupi koma osati m'chisa. Nkhuku imatuluka kamodzi patsiku kukadya ndi kusamba fumbi. Mphindi 20 kapena 30 sizivuta.

Pakati pa tsiku la 7 ndi la 10, unikani mazira ndi tochi usiku. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira totambasuka ngati mizu, pakati pali kadontho kakuda koyendayenda. Loyera mbee lilibe mbewu, ndipo lokhala ndi mzere wofiira wozungulira ndiye kuti mwana anafera m'njira. Chotsani onse otere, chifukwa dzira lowola likaphulika limaipitsa anzake.

Tsiku la 20 ndilo lokoma. Ikani khutu pafupi ndi chisa, mudzamva timawu tolira m'kati mwa zigoba, mayi akuyankha chapansipansi. Kenaka pamaoneka kabowo chakumbali yaikulu ya dzira, kamlomo kali penipeni, kokhala ndi kadzino koyera kumapeto kwake. Apa m'pamene ana a pakhomo, ngakhalenso akulu, amalephera kuugwira mtima. Chonde musathandize kusenda. Kuchokera pa kabowoko mwanapiye amatha kutenga maola 12 mpaka 24, akupuma, akumaliza kulowetsa yolki m'mimba. Mukasenda msanga mumadula mitsempha imene isanaume ndipo amafa ndi magazi. Ambiri amaswa pa tsiku la 21. Otsala apatseni mpaka la 23, kenaka mukawakwirire.

Yolki ija imawasunga masiku awiri oyamba, ndiye musawakakamize kudya. Madzi okha aikeni m'mbale yosaya, muponyemo timiyala kuti asamire. Chakudya cha anapiye cha m'sitolo za ulimi ndicho chabwino. Ngati thumba silikulola, madeya okha sakwanira: sakanizani magawo atatu a chimanga chogaya ndi gawo limodzi la soya wokazinga ndi kusinja, muwonjezere kaufa ka usipa kapena bonya, ndi masamba oduladula. Soya wosakazinga amawatsekula m'mimba.

Chimene chimamaliza anapiye kuno si njala ayi, ndi mame, mvula yowaza ija yosakata msanga, ndi adani a m'mwamba. Mayi akawatengera m'udzu wonyowa m'mamawa, timatupi topanda nthenga timazizidwa, madzulo mupeza awiri atagwetsa mapiko. Otsalawo akhwangwala ndi akabawi amatola mmodzimmodzi. Choncho atsekereni ndi mayi wawo m'kakhola ka waya kokhala ndi denga kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo muzikasuntha kuti pansi pakhale pouma. Mukaona ndowe za magazi, thamangirani kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo, matenda amenewo amakonda pansi ponyowa ndipo sachedwa kupha.

Koma chitopa chilibe mankhwala, ndipo chikalowa chimasesa khola lonse, makamaka nyengo yotentha ikamayamba. Katemera wake wotchedwa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, miyezi inayi iliyonse. Gwirizanani ndi oyandikana nawo kuti mutemere tsiku limodzi, chifukwa botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri ndipo likatsegulidwa silikhalitsa.