Pointi yakutali ija yayamba kumvera

Anzanga okonda tisitima toseweretsa, pointi (pamene njanji imagawanika kuti sitima isinthe njira) ya kumapeto kwa yadi ya pa tebulo langa, imene inkakana kutseka, yatheka. Ndikakankha swichi pa panelo, njanji zosuntha zija zikukagunda bwinobwino mbali inayo, ndipo injini ikudutsa ndi mabogi ake onse popanda logwa.

Tebulo langa ndi la HO (sikelo yochepetsa sitima yeniyeni ka 87), ndipo ndikutsanzira siteshoni yathu ya Salima, pamene njanji yochokera ku Blantyre inafika mu 1935 isanapitirire ku Lilongwe mu 1979. Ndikudziwa kuti njanji yathu ndi ya 1,067 mm m'lifupi, ndiye pa HO imayenera kukhala ya 12 mm, koma zomwe ndinapeza ndi za kampani ya Peco za 16.5 mm, ndipo ndikuzikonda momwemo.

Mapointi onse ndi a manja. Ma solenoid (timakina tamagetsi tosuntha pointi) amafuna CDU, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi; Tortoise, kamota kosuntha pointi pang'onopang'ono, ndi yabwino koma mukaonjezera ndalama yoitanitsira kunja mutu umawawa. Ndiye ndinasankha njira yakale ya waya woyenda m'chubu. Kuno njinga zili mbwee, makabaza paliponse, makebulo sasowa. Achimwene ena okonza njinga ku Kamuzu Road amandisungira otha ntchito, ndipo ndi omwewo anandipatsa masipoko amene ndinapangira mlatho wanga chaka chatha. Anthu otere ndi osowa.

Waya wam'kati mwa kebulo ya buleki amangodziwa kukoka, mukamukankha amapindika. Ndinamuchotsa n'kulowetsamo waya wachitsulo wolimba wochokera m'mphepete mwa tayala lakale, nditamuwongola. Mapointi apafupi anagwira nthawi yomweyo. Yakutali ija ndiye inakanika. Swichi ikuyenda yonse, koma uko pointi ikungogwedezeka, osatseka. Bogi loyamba likafika, gudumu limalowa pampata paja, basi lagwa.

Ndinapukuta, ndinasintha waya, ndinakayikira ngakhale kasipuling'i ka m'pointi. Masiku anapita ndithu. Vuto linali chubu. Cha buleki chimapangidwa ndi chitsulo chokulungidwa ngati sipuling'i, choncho chimafupika ndi kutalika pang'ono mukachipanikiza. Komanso bowo lake ndi lalikulu kwa waya wangayo. Pamene chubu chakhota, wayayo amayamba watsamira khoma lakunja asanakankhe chilichonse. Pointi ya HO imangoyenda mamilimita awiri kapena atatu, ndiye kamtunda konseko kamathera m'njira.

Chimene chandipulumutsa ndi chubu cha kebulo ya magiya. Mawaya ake anagonekedwa m'litali, sichifupika, ndipo bowo lake ndi laling'ono. Ndachikhomera kunsi kwa pulayiwudi pafupipafupi, makamaka kumapeto konse kuwiri, chifukwa chubu chikangosuntha ndiye kuti mphamvu yathawa. Pokhota paja ndapatambasula kuti pasakhale pakuthwa. Pafupi ndi pointi ndapinda waya ngati Z kuti swichi ikayenda mopitirira, kupindikako kumeze zotsalazo m'malo mothyola pulasitiki.

Swichi yake ndi slide ya DPDT (yokankha uku ndi uku, yosintha mawaya awiri nthawi imodzi), ndinangoboola kabowo pa chogwirira n'kukolekapo waya. Ubwino wake ndi woti yomweyo ikusintha magetsi a pa frog (pamene njanji ziwiri zimadutsana m'kati mwa pointi), popeza mapointi anga ndi Electrofrog, mtundu umene frog yake ndi yachitsulo yodutsa magetsi. Injini yaing'ono ija imene inkaima pamenepo ikudutsa pang'onopang'ono osatsokomola.

Chonde musathiremo gilisi. Fumbi la kuno m'chilimwe likakumana ndi gilisi, waya amauma gwa. Ine ndapala mtima wa pensulo n'kupaka ufa wakewo. Za dzimbiri tiziona mvula ikayamba, poti chinyontho cha kunyanja kuno sichisekerera chitsulo.

Chotsatira ndi kujambula mapu a njanji pa panelo ndi kuika timagetsi tosonyeza komwe pointi yaloza. Kenako ndikufuna tebulo lachiwiri la Chipoka, doko ndi sitima ya pamadzi zomwe, mapointi ake onse akuyendetsedwa pa panelo yomweyi. Kebulo yotalika choncho mwina ifuna ya njinga yamoto. Alipo amene anayesapo?