Mayeso a umisiri womanga: mmene ndimadutsira tsiku la khoma

Amisiri ambiri a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula amadziwa kumanga, koma bwana wolemba ntchito amafuna pepala. Mayeso a boma oyesa luso la amisiri, otchedwa trade test, ankayambira pa Grade 3, kenako 2, ndipo Grade 1 ndiye anali wapamwamba. Amene anaphunzira ntchito pamanja osapita ku koleji, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira yowayesa luso lawo. Za masiku ndi ndalama zolembetsera ndimakafunsa ku ofesi ya zantchito pa boma, Chikwawa kapena Nsanje, nditatenga chiphaso cha unzika.

Tsiku lomanga, ndikalandira pulani sindithamangira njerwa. Ndimaiwerenga kawiri, chifukwa woyesa amapima khoma ndi miyeso ya papepalapo, ndipo khoma lokongola koma lopitirira muyeso limadya mamakisi. Kenako ndimayala mzere woyamba wa njerwa popanda matope, kuti ndione pamene pafunika kudula. Kona ndimaitsimikiza ndi tepi: masentimita 30 mbali ino, 40 mbali inayo, ndipo kuchokera nsonga kufika nsonga pakhale 50. Pakapanda kukwana 50, kona yapotoka, ndipo mizere yonse yam'mwamba itengera pomwepo.

Matope, ngati pepala silinanene zina, ndimasakaniza ndowa imodzi ya simenti ku ndowa 6 za mchenga. Apa ndiye pamene kutentha kwa kuno kuchigwa kumagwetsa anthu. Njerwa yootcha ikakhala padzuwa la Okutobala imamwa madzi a m'matope isanakhazikike bwino, ndiye ukafuna kuigogoda kuti ilowe pa levulo, yagwira kale. Ndimanyowetsa njerwa ndisanayambe, ndimakanda matope ochepa nthawi imodzi, ndipo ndimayala okwana njerwa zitatu basi. Matope akayamba kuuma sindiwonjezeramo madzi, amenewo mphamvu yatha.

Mpata pakati pa njerwa ukhale mamilimita 10, chopingasa ndi choimirira chomwe, ndipo mipata yoimirira isakumane ndi ya mzere wapansi. Levulo ndimaika pa mzere uliwonse, pamwamba ndi m'mbali.

Mayeso olemba amafunsa zida, chitetezo ndi kuwerengera zipangizo. Ndimakonzekera ndi mapepala a zaka zam'mbuyo.

Mphindi 15 zomaliza ndimasiya kumanga. Ndimasalaza mipata, kupukuta simenti pa njerwa, kutsuka zida ndi kusesa pamalo, pakuti woyesa amayang'ananso zimenezo.